Webusaiti yatsika pa Google: yambani mwayeza musanamwetse mankhwala

Foni yotere imakonda kulira Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi. "Achimwene, mwatitani? Google yatitaya." Tsiku lina anali mayi amene ali ndi malo ogona alendo kufupi ndi msewu wa M1 kuno ku Kasungu, tsiku lina bambo wogulitsa mbewu ndi feteleza, tsiku lina aphunzitsi aakulu a sukulu ina yomwe si yaboma. Dandaulo ndi limodzi: mwezi watha munthu akalemba za ntchito yawo pa Google ankawapeza pamwamba, lero sakuoneka. Ndipo pafupifupi onse amakhala atamva kale kwa mwana wawo kapena pa gulu la WhatsApp kuti "Google yachita update".

Ndakhala ndikukonza mawebusaiti a mabizinesi ang'onoang'ono kuno kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti update imanamiziridwa milandu yambiri imene sinapalamule. Ilipodi, ndipo ikakumenya umamva. Koma ambiri mwa amene amandiimbira vuto lawo limakhala la pakhomo pomwepo. Choopsa n'chakuti munthu akangokhulupirira kuti ndi update amayamba kugumula zinthu: kufufuta masamba, kusintha mitu yonse usiku umodzi, kulipira anyamata a pa Facebook olonjeza kumubwezera pa nambala wani. Pomatha mwezi, webusaiti imene inangodwala chimfine yagonekedwa m'chipatala.

Update n'chiyani kwenikweni

Mlimi amene anaperekezapo mabelo ake ku okushoni ya ku Chinkhoma sangavutike kuimvetsa nkhaniyi. Fodya wanu angakhale yemwe uja wa chaka chatha, munda womwewo, chigafa chomwecho, koma mukafika pamsika mupeza kuti chaka chino ogula akufuna tsamba la mtundu wina, ndipo belo la mnzanu limene chaka chatha linali pambuyo lakuposani mtengo. Simunalakwe kanthu. Chasintha ndi diso la wogula, komanso fodya wa anzanu amene mwaikidwa naye pamzere umodzi.

Masamba a pa intaneti nawo amagiredidwa chomwecho. Munthu akalemba mawu, makina a Google amasankha mwa masamba amene anawasunga kale n'kuwandandalika, ndipo malamulo a kasankhidwe kameneko ndiwo amati algorithm. Google ikasintha malamulowo, ndiyo update imeneyo. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa kampaniyi mu 1998, chachikulu chimene ankawerenga chinali malinki: tsamba limene masamba ena ambiri akulilozera ankalitenga ngati lodalirika. Anthu atatulukira zimenezi anayamba kugula malinki ndi kupanga masamba odzaza mawu obwerezabwereza. Kuyambira pamenepo nkhani yakhala ya mlimi ndi anyani: mlimi akaimika choopsezera chatsopano, anyani amachiyang'ana masiku awiri n'kuchizolowera. Update yotchedwa Panda ya mu Febuluwale 2011 inagwetsa masamba okopera ndi opanda phindu. Penguin ya mu Epulo 2012 inalimbana ndi malinki ogula. Mu Epulo 2015 masamba osawerengeka bwino pa foni anayamba kutsika kwa anthu ofufuzira pa foni. BERT ya mu Okutobala 2019 inathandiza makina kumva chiganizo chonse m'malo mongotola mawu amodziamodzi. Mu Ogasiti 2022 anabweretsa njira yotsitsa masamba olembedwera Google osati anthu, ndipo mu Malichi 2024 anailowetsa mkati mwa algorithm yaikulu.

Zing'onozing'ono zimasintha pafupifupi tsiku lililonse popanda kulengeza. Zikuluzikulu, zimene amati core update, zimabwera kangapo pachaka, ndipo Google imalemba tsiku loyamba ndi lomaliza pa tsamba lake lotchedwa Google Search Status Dashboard. Kawirikawiri zimatenga pafupifupi milungu iwiri, ngakhale ya mu Malichi 2024 inatenga masiku 45. Madeti amenewa asungeni, chifukwa ndiwo mboni yoyamba pa mlandu wanu.

Kodi yatsikadi?

Funso langa loyamba limakwiyitsa anthu: "Mwadziwa bwanji?" Yankho limakhala lakuti "ndalemba pa foni yanga, sindikudziona," kapena "mwana wanga wa ku Joni wafufuza, akuti kulibe." Kumeneko si kuyeza. Google imaonetsa zosiyana malinga ndi pomwe munthu waima, chilankhulo cha foni yake ndi zimene wakhala akufufuza. Wolemba mawu ali pa depoti ya Kasungu ndi wolemba mawu omwewo ali ku Johannesburg sangaone mndandanda umodzi. Ngakhale wa ku Mtunthama ndi wa ku Santhe amatha kuona zosiyana, makamaka pa mapu.

Sikelo yeniyeni ndi Google Search Console, chida cha Google choonetsa mwini webusaiti mmene ikuonekera pa zotsatira. Ndi yaulere, ndipo ngati amene anakukonzerani webusaiti sanailumikize, muuzeni ailumikize lero lomwe, pa imelo yanu osati yake. Mukalowa, pitani pa Performance. Pamenepo pali manambala atatu amene muyenera kuwazolowera ngati mitengo ya pamsika. Impressions ndi kuchuluka kwa maulendo amene tsamba lanu laonekera pa zotsatira. Clicks ndi maulendo amene munthu wadinadi n'kulowa. Average position ndi malo amene mumakonda kuima pamzere. Search Console imasunga za miyezi 16, choncho musayang'ane sabata imodzi yokha. Tambasulani miyezi yonseyo, kenako yerekezani mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha.

Chenjezo kwa ife a m'matauni ang'onoang'ono: manambala athu ndi ochepa, ndiye amalumpha kwambiri. Tiyerekeze kuti webusaiti imalandira anthu 12 pa sabata, sabata ino alowa 7. Pa chithunzi mzere uoneka ngati wagwera kuphompho, chikhalirecho ndi anthu asanu okha, mwina ndi sabata imene netiweki inavuta kapena kunali maliro aakulu. Malangizo ambiri a pa YouTube amapangidwira mawebusaiti olandira anthu masauzande patsiku. Kwa ife, kutsika kumene sikunathe mwezi sindikuwerengera.

Ngati yatsikadi, yang'anani mmene mzerewo watsikira. Kagwedwe kake ndi kamene kamaulula matenda.

Malo anu sanasinthe koma Impressions zatsika

Apa Google ilibe mlandu. Anthu ndiwo asiya kufufuza. Kasungu amayendera nyengo, ndipo intaneti yake imayenderanso nyengo yomweyo. Mbewu ya chimanga, soya ndi mtedza anthu amaifunafuna mvula ikamayandikira, cha mu Okutobala ndi Novembala. Pofika Febuluwale palibe amene akufunsa za mbewu, anthu ali pa nkhani ya ufa. Malata, simenti ndi njinga zamoto zimadzuka msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zikayamba kulowa m'matumba. Sukulu makolo amazifufuza teremu yoyamba ikamayandikira. Alendo opita ku Kasungu National Park amachuluka m'chilimwe, misewu ya m'nkhalangomo itauma. Bambo wa mbewu uja anandiimbira mu Malichi ali ndi mtima m'mwamba, koma titayang'ana Malichi wa chaka chinacho mzere unali utagwa chimodzimodzi, n'kudzukanso wokha mu Sepitembala. Sitinakhudze kalikonse.

Mzere wagwa tsiku limodzi mpaka pansi

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri, chifukwa apa ndi pamene pamabisala mavuto enieni a kuno kwathu. Update sikonda kupha webusaiti yonse usiku umodzi. Mukaona choncho, ganizirani za chinthu chimene chathyoka.

Yambani ndi chophweka: zimitsani Wi-Fi, tsegulani webusaitiyo pa bandulo ya foni, pa foni imene sinaitsegulepo. Ikutseguka? Vuto limene ndakumana nalo kwambiri ndi domain (dzina la webusaiti yanu pa intaneti) kapena hosting (malo a lendi osungirako webusaitiyo) imene yatha osalipiridwa. Zinthuzi ambiri timalipira m'madola, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi la banki la kuno m'zaka zino za kusowa kwa ndalama zakunja akudziwa mmene khadi limakanira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena ndalama imene anasiya mu akaunti kuti ikalipire yokha sinakwanenso. Uthenga wochenjeza unapita ku imelo ya mnyamata amene anakonza webusaitiyo kalekale, yemwe pano anasamukira ku Lilongwe ndipo nambala anasintha. Google ikabwera kangapo n'kupeza chitseko chotseka, imayamba kuchotsa masambawo pamndandanda. Fufuzani lero kuti domain yanu inalembedwa m'dzina la ndani ndipo ikutha liti. Ikatha n'kugulidwa ndi wina, ndiye kuti mwagulitsa munda muli mtulo.

Chachiwiri, yang'anani ngati foni ikuchenjeza kuti tsambalo si lotetezeka. Kawirikawiri ndiye kuti satifiketi ya HTTPS, yotsimikizira kuti tsamba ndi lotetezeka, yatha. Zaulere za bungwe la Let's Encrypt zakhala zikuperekedwa za masiku 90, ndipo zimayenera kudzikonzanso zokha, koma nthawi zina zimalephera. Mlendo akaona chenjezo lofiira amabwerera pakhomo.

Chachitatu ndi kabokosi kamene kanandichititsapo manyazi ine ndemwe. Mu WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, pansi pa Settings kenako Reading, pali kabokosi kouza makina ofufuzira kuti asasunge webusaitiyi. Timakachonga tikamamanga webusaiti kuti anthu asaone nyumba yosafolera. Tsiku lina nditakonzanso webusaiti ya mayi wa malo ogona uja, ndinaibwezera pa intaneti kabokosiko kali kochonga. Panapita milungu itatu. Mayiwo anafika okha ku ofesi atanyamula kope lolembamo alendo, n'kulitsegula patebulo panga, chala chili pa masamba oyera. "Mwanawe, taona wekha." Ine ndinali nditakonzeka kale kuwafotokozera za update imene inkamveka masiku amenewo. Mwamwayi ndinayamba ndaika adiresi ya tsamba lawo mu URL Inspection ya Search Console, ndipo inandiuza mosabisa kuti tsambalo latsekeredwa ndi noindex, lamulo louza Google kuti isalisunge. Kuchotsa kachongi kunatenga kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Kupepesa kunatenga masana onse ndi Fanta ziwiri. Chida chomwecho cha URL Inspection chikuuzaninso ngati fayilo ya robots.txt ikuletsa Google kulowa.

Chachinayi, kodi mwasintha webusaiti posachedwa? Maadiresi a masamba akasintha, akale aja ayenera kulozera ku atsopano ndi 301 redirect. Popanda zimenezo zili ngati kusamutsa shopu usiku osasiya chikwangwani: kasitomala afika pamalo akale, apeza 404, uthenga wakuti tsambalo palibe, apita kwa oyandikana nawo.

Chachisanu ndi akuba. Lembani pa Google mawu akuti site: motsatizana ndi dzina la domain yanu, osasiya mpata. Mukaona masamba a juga, a mankhwala ogulitsa kapena zilembo za Chijapani pansi pa dzina lanu, webusaiti yathyoledwa. Mwini wake nthawi zambiri saona kanthu akatsegula, chifukwa akubawo amaonetsa zonyansazo kwa Google yokha. Khomo lawo limakonda kukhala ma plugin (timapulogalamu towonjezera pa webusaiti) akalekale osakonzedwa ndi ma theme (maonekedwe a webusaiti okonzedwa kale) olipira amene munthu anawatenga mwaulere pa malo okayikitsa. Mu Search Console tsegulani Security issues. Pafupi pomwepo pali Manual actions, pamene pamalembedwa ngati wogwira ntchito ku Google wakupatsani chilango. Pakalembedwa kuti palibe vuto, ndiye kuti simunalangidwe, kaya wina akuuzeni zotani. Pakakhala chilango, amatchula cholakwacho, ndipo mukachikonza mumapempha pomwepo kuti akuunikeninso.

Nthawi zina chothyoka ndi sikelo yomwe. Google Analytics yakale, chida chowerengera anthu olowa pa webusaiti, inasiya kuwerenga pa 1 Julayi 2023, ndipo amene sanasamukire ku yatsopano anaona ziro n'kuyamba kulira maliro a webusaiti yamoyo. Kakhodi kowerengera kamathanso kufufutika posintha theme. Ngati Analytics ikuti anthu asowa koma Search Console ikuti akubwerabe, khulupirirani Search Console.

Mukuonekabe pamalo pomwepo koma anthu sakudina

Tengani foni, lembani mawu amene anthu amakupezerani, muone chimene chili pamwamba panu. Mwina pabwera zotsatsa zolipira, mwina mapu okhala ndi mabizinesi atatu, mwina yankho lolembedwa ndi AI (makina olemba okha ngati munthu), lija Google inayamba kuika pamwamba ku America mu Meyi 2024 kenako n'kulifalitsa m'mayiko ena. Ngati tsamba lanu linkangoyankha funso lalifupi, monga mtunda wochoka ku Lilongwe kufika ku Kasungu, munthu akuona yankho pomwepo ndipo alibenso chifukwa cholowera. Pamenepo palibe chothyoka. Chimene mungachite ndi kukonza mutu wa tsamba kuti ulonjeze chimene yankho lalifupilo lilibe: mtengo wa lero, nambala ya foni, zithunzi za chipinda.

Ikakhala update yeniyeni

Zizindikiro zake ndi izi: webusaiti ikutseguka bwino, chilango palibe, nyengo si yake, koma Average position yatsetsereka m'masiku angapo, ndipo masikuwo akugwirizana ndi madeti a pa Search Status Dashboard.

Choyamba, khalani pansi. Update ikadali mkati malo amakwera n'kutsika ngati mitengo ya soya mu Epulo, ndipo chimene mwaona Lachiwiri chingasinthe Loweruka. Google yomwe imalangiza kudikira sabata yathunthu update itatha musanayambe kuyerekeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako yerekezani sabata imeneyo ndi sabata ya update isanayambe, ndipo musayang'ane nambala ya webusaiti yonse. Mu Search Console tsegulani Pages ndi Queries muone kuti ndi masamba ati ndi mawu ati amene atsika. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi masamba awiri kapena atatu amene ankanyamula mtolo wonse.

Kukula kwa kutsikako n'kofunika. Kuchoka pa 2 kufika pa 4 si matenda. Tsamba loterolo musalisokoneze, chifukwa likuchita bwino kale. Kuchoka pa 4 kukafika tsamba lachitatu la zotsatira, pamenepo ndiye pali nkhani. Lembani mawu aja pa Google, tsegulani masamba amene akuposani, muwawerenge ngati kasitomala osati ngati mpikisano. Ali ndi chiyani chimene inu mulibe? Kumbukirani belo la ku Chinkhoma: mwina fodya wanu sanawole, koma wa mnzanu wachita bwino.

Nthenda yaikulu imene ndimaipeza pa mawebusaiti a kuno ndi mawu obwereka. Tsegulani mawebusaiti asanu a malo ogona, mupeza ndime imodzimodzi yonena za Malawi ndi anthu ake ansangala, ndime yokopera yonena za Kasungu National Park, ndi chithunzi cha bedi limene silinafikepo ku Kasungu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Masiku ano kwawonjezekera ena amene amauza AI kuti iwalembere masamba makumi asanu usiku umodzi. Google sinaletse kugwiritsa ntchito AI, koma mu Malichi 2024 inalemba m'malamulo ake kuti kupanga masamba ochuluka opanda phindu pofuna kungokwera pamndandanda ndi chinyengo, kaya walemba ndi munthu kaya makina.

Mankhwala ake ndi kulemba zimene mukudziwa inu nokha. Mlendo wochokera ku Mzuzu amene basi yamutula usiku safuna mbiri ya dziko. Akufuna kudziwa kuti kuchoka pa depoti ndi mphindi zingati pa kabaza, chipinda ndi ndalama zingati mwezi uno, madzi otentha alipo, magetsi akazima pali sola kapena jenereta, galimoto igona mkati mwa mpanda, mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Ngati mukulemba za nkhalango, nenani kuti msewu wopita ku Lifupa umakhala bwanji mvula ikagwa ndipo ndi galimoto yotani imene ingadutse, nenani za njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde mu Julayi 2022 ndi zimene alendo anu amaona akapita. Wogulitsa mbewu alembe kusiyana kwa mtedza wa CG7 ndi Chalimbana monga mmene amafotokozera mlimi pa kauntala, ndi mafunso amene alimi a ku Chamama ndi ku Chulu amafunsadi. Jambulani zithunzi zanu, ngakhale ndi foni. Lembani kuti ndinu ndani, shopu ili pati, mwakhala pa ntchitoyi kuyambira liti. Mu Disembala 2022 Google inawonjezera pa malangizo a anthu ake ounika masamba mfundo yakuti aziona ngati wolemba anachitadi kapena kuonadi chimene akunena. Pa nkhani zokhudza thanzi ndi ndalama amakhwimitsa kwambiri, choncho ngati mukulemba za mankhwala opopera kapena osungira chimanga, tsatirani muyezo wa pa botolo ndipo musapeke.

Za chilankhulo: lembani mmene anthu amalembera akamafufuza. Tsegulani Queries muone nokha. Mupeza Chichewa ndi Chizungu zitasakanikirana, monga "mtengo wa soya Kasungu". Masamba a Chichewa ndi ochepa pa intaneti, ndiye wolemba bwino sapikisana ndi ambiri. Koma musangoponya tsamba lonse mu Google Translate n'kuliika osawerenga. Chichewa chinalowamo mu Disembala 2014 ndipo chapita patsogolo, komabe wowerenga wa ku Nkhamenya amadziwa pa chiganizo choyamba kuti walankhula si munthu.

Kufufuta masamba kukhale komaliza, pokhapokha tsambalo lilibiretu chokonza. Kungosintha deti la tsamba kuti lioneke latsopano sikuthandiza. Ndipo musayembekezere kudzuka mawa lomwe. Zina zimasintha m'masiku ochepa, koma kubwerera kwenikweni kumatha kutenga miyezi, nthawi zina mpaka core update ina itadutsa. Ngakhale pamenepo palibe amene angakulonjezeni malo anu akale. Wokulonjezani nambala wani pa sabata ziwiri, mufunseni chifukwa chake webusaiti yake yomwe simukuiona.

Malinki ogula

Ngati munalipirapo munthu kuti akupatseni malinki mazanamazana, n'kutheka kuti kutsika kwanu ndi kutha kwa mphamvu yobwereka. Masiku ano Google kawirikawiri imangowanyalanyaza malinki otero, ndipo phindu limene ankakupatsani silibwereranso. Simunalangidwe, mwangobwerera pamsinkhu wanu weniweni. Pali chida chokanira malinki chotchedwa Disavow, chimene chinabwera mu 2012, koma ine sindichikhudza pokhapokha pali chilango mu Manual actions kapena mwini wake wavomera kuti anaguladi. Ndinaonapo munthu atakana nacho malinki ake abwino omwe. Linki imodzi yochokera ku nyuzipepala, ku bungwe limene mumagwira nalo ntchito kapena ku kampani imene imakupatsani katundu imaposa mazana ogula aja.

Kulemera kwa tsamba

Google tsopano imaweruza webusaiti poona mmene ikuonekera pa foni, osati pa kompyuta. Chimene munabisa pa foni n'kusiya pa kompyuta pokha, muchiyese ngati kulibe. Muyezo wawo umati chinthu chachikulu cha patsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo mungayeze mwaulere pa PageSpeed Insights. Koma muyeso umene ndimaukhulupirira ine ndi kubwereka kafoni kotchipa, kupita nako kunja kwa tauni kumene netiweki ndi ya mizere iwiri, n'kutsegula. Wolakwa amakhala zithunzi zoikidwa mmene zinachokera mu kamera, chimodzi mamegabaiti asanu. Zichepetseni. Liwiro palokha silikweza tsamba lopanda kanthu, komabe munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi sadikira chithunzi cha geti lanu.

Mwasowa pa mapu

Ambiri akamati "Google yatitaya" amanena za mapu, ndipo imeneyo ndi nyumba ina. Mapu amayendera Google Business Profile, tsamba la bizinesi yanu pa Google lokhala ndi dzina, malo ndi nambala ya foni, ndipo amaona zinthu zitatu: ngati ntchito yanu ikugwirizana ndi chimene munthu walemba, kutalika kwa pomwe waima, ndi kutchuka kwanu. Za mtunda palibe chimene mungachite. Zina zonse zili m'manja mwanu. Onani ngati profile sinaimitsidwe, zimene zimachitika kawirikawiri munthu akadzaza mawu otsatsa m'dzina la bizinesi m'malo molemba dzina la pachikwangwani. Onani ngati kachizindikiro ka malo kali pa geti lanu osati pakati pa munda wa wina, ngati nambala ya foni ndi imene ikugwira ntchito, ngati maola ndi oona. Ndemanga zolembetsa kwa abale ndi azilamu Google imatha kuzichotsa, ndipo zingakuikitseni m'mavuto. Pemphani makasitomala enieni. Komanso amene munkadalira kawebusaiti kaulere kamene kankabwera ndi profile, kothera ndi business.site, dziwani kuti Google inatseka mawebusaiti amenewo mu Malichi 2024. Ngati linki yanu ikulozabe kumeneko, ikuloza kubwinja.

Kope la patebulo

Chida chimene chandipulumutsa kwambiri si cha pa intaneti. Ndi kope wamba la ana asukulu. Webusaiti iliyonse ili ndi masamba ake, ndipo ndikakhudza chilichonse ndimalemba deti ndi chimene ndachita: ndasintha theme, ndawonjezera plugin, ndasamutsa hosting, ndalembanso tsamba la mitengo. Kumapeto kuli madeti othera domain ndi hosting, ndi madeti a update amene Google yalengeza. Mzere ukagwa ndimaika chala pa tsikulo n'kuyang'ana m'kope. Kawirikawiri dzina limene ndimapezapo ndi langa. Ndipo pokonza ndimasintha chinthu chimodzi n'kudikira milungu ingapo, chifukwa ukamwa mankhwala asanu nthawi imodzi sudziwa amene wakuchiza kapena amene wakupweteka m'mimba.

Mayi wa malo ogona aja anabwerera pamndandanda patatha masiku angapo titachotsa kachongi kaja. Patapita miyezi, core update yeniyeni inawatsitsa pa tsamba lawo la nkhalango, lija la ndime yokopera. Ulendo umenewo sanaimbe foni Lolemba m'mawa. Anadikira kuti ithe, kenako anandituma ndikakhale ndi mlonda wawo wausiku, amene kwawo ndi kufupi ndi malire a nkhalangoyo, kuti andiuze zimene alendo amamufunsa akamanyamuka m'bandakucha. Tinalemba tsamba lonse kuchokera pa mayankho ake, mpaka za malo omaliza ogulira mafuta ndi madzi akumwa musanatuluke m'tauni. Pano lakwera pang'ono, silinafike pomwe linali. M'kope lawo la alendo anawonjezeramo mzere watsopano, pambali pa dzina ndi nambala ya foni, wofunsa kuti "Mwatidziwa bwanji?" Mwezi watha ndinasuzumiramo. Angapo analemba Google, ena Facebook, koma ambiri analemba kuti anauzidwa ndi wakabaza wa pa depoti.